Tsiku Limene Kalolaine Anatsutsa Azakhali Ake

"Mayo ine, abwera onse!" anatero Kalolaine atasuzumira pawindo la labotale. Basi ya mpingo inali itaima panja, ndipo abale ake ankatsika atamanga mikeka yawo m'chiuno monga mwa mwambo wa kwawo, ena atanyamula mabeseni a zilazi ndi nkhumba yootcha.

Dokotala Ngaire, amene anamulangiza pa kafukufuku chaka chonse m'gulu lothandiza ophunzira a ku zilumba, anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Unati kubwera amayi ako okha."

"Ndinauza amayi okha. Iwo ndiye analengeza m'tchalitchi."

Tsikulo Kalolaine ankafotokoza zimene anapeza pamaso pa mapulofesa atatu a pa yunivesite ya mumzinda wa Auckland, osankha woti apitirize digiri yachiwiri. Malo anali amodzi. Ntchito yake inali yabwino, koma a Ngaire ankadziwa pamene pankamuvuta: wamkulu akamutsutsa, mtsikanayo ankangoweramitsa mutu n'kuvomera.

Bambo wosesa m'makhonde anabweretsa mipando ina popanda womutuma. Kutsogolo kunakhala a Seini, azakhali a Kalolaine, mlongo wa bambo ake. Kwa Atonga a ku zilumba za m'nyanja yaikulu, mtundu wa Kalolaine, mlongo wa bambo akalankhula nkhani yatha. Iwo anayambitsa pemphero, mapulofesa nawo n'kutsinzina.

Kalolaine anafotokoza bwino ndithu. Anati nkhono za m'nyanja zokhala pafupi ndi ngalande yochokera m'tauni zili ndi zigoba zopyapyala chifukwa cha madzi oipa. Achimwene ake ankaomba m'manja chithunzi chilichonse chikasintha.

"Pali funso?" anatero pulofesa wamkulu.

Dzanja linakwera. Linali la azakhali.

"Iwe mwana, nkhono ndinayamba kutola bambo ako asanamere mano. Zimapyapyala mwezi ukakhala mu mdima. Ngalande yalakwanji? Sukulu yonseyi sanakuuze za mwezi?"

Abale anaseka. Kalolaine anayang'ana pansi. Amayi ake anagwira pakamwa. A Ngaire anangomukankhira Kalolaine kapu ya madzi pafupi.

Kalolaine anamwa pang'ono, n'kupemphera mumtima. Kenako anachoka pagome pamene ankafotokozera, anapita pamene panali azakhali, nakhala pansi pamapazi awo, chifukwa sakanatha kuwayankha ataimirira.

"Zakhali, pepani. Za mwezizo munandiphunzitsa ndinu ndili wamng'ono, n'chifukwa chake ndinaziyesa poyamba. Ndinatola mwezi uli mu mdima, ndinatolanso ukuwala, miyezi isanu ndi inayi. Kutali ndi ngalande zigoba ndi zolimba masiku onse. Pafupi ndi ngalande ndi zopyapyala masiku onse. Si mwezi ayi, zakhali."

Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Miyezi isanu ndi inayi? M'matope muja?"

"Inde."

Anatembenukira kwa bambo ake a Kalolaine. "Iwe Viliami, wamva? Si kungalandeko komwe umatola Loweruka lililonse? Wakhala ukutidyetsa chiyani, chimunthu iwe?"

Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka. Pulofesa wamkulu anatsika pa mpando, n'kugwada pambali pa Kalolaine ndi kope lake.

"Tandiuze," anatero, "chaka chamawa tikakupatsa labotale ndi bwato, uyambira gombe liti?"

Kalolaine anatsegula pakamwa, koma azakhali anamutsogolera.

"Ayambira kumene ndimatola ine."