Ng'ala ya Njinga ya Bambo

Achimwene anatola makiyi a njinga yamoto ya bambo patebulo ngati akutola chinthu chawo, n'kuwaponya m'thumba la malaya. Bambo anali chikhalire pampando, bondo litamangidwa bandeji, buluku likununkhabe mazira. Ine n'kuti nditangolowa kuchokera kushopu yanga yosokera zovala, tepi idakali m'khosi, ndipo mtima unandiwira nthawi yomweyo.

"Makiyiwo abwezeni pamene anali," ndinatero.

Sanandiyang'ane n'komwe. Anapitiriza kufotokozera alamu, akazi awo, ngati kuti bambo mulibe m'nyumbamo, kuti mdalayu maso anatha, ali ndi ng'ala, ndipo kumulekerera pamsewu n'kuphetsa anthu. Mdalayu! Munthu amene anawalipirira sukulu ndi njinga yomweyo, lero akutchedwa mdalayu pabalaza pake pomwe.

Chimene chinachitika n'chakuti m'mawa wa tsikulo, kusanayere bwino, bambo anatuluka ndi njinga yawo yamoto ya matayala atatu monga mwa masiku onse, atapakira matileyi a mazira okasiya m'magolosale. Pakona ya kumsika munthu wina anali atasiya wilibala yodzaza njerwa pamsewu. Bambo anaiwomba. Njinga inapendekeka, mazira onse anathera pansi, anthu odutsa n'kupezapo choseka. Wosiya wilibala uja palibe anamufunsa kanthu. Koma pofika masana mlandu unali utaweruzidwa kale, ndipo olakwa anali maso a bambo.

Mvula ikakuona litsiro siikata. Alamu anali atapeza kale dalaivala watsopano, mlongo wawo, munthu amene ntchito yake inali kukhala pabenchi ya ometa n'kumawerenga magalimoto odutsa. Ankanena mokoma alamuwo, akuti bambo apume, akalamba, azingodya. Apume? Chimwalirireni amayi, chimene chinkawadzutsa bambo pabedi chinali njinga imeneyo. Ankailankhula, ankaikalipira, ikakana kulira ankainyengerera ngati mwana. Kuwalanda makiyi kunali kuwakwirira akupuma, ndipo ndinawauza achimwene zimenezo osapsatira. Bambo eni ake anangopempha madzi akumwa.

Ndinatuluka n'kukalowa m'shedi ya kuseri kumene anali atakankhira njingayo. Ndinkafuna poti ndilirire osaonedwa. Koma nditaima patsogolo pake ndinaiwala zolira. Magalasi a nyali zake ziwiri anali atachita chifunga, oyera mbuu, cham'mphepete mwachikasu, ngati diso la nsomba yophika. Babu wa mkati sankaoneka n'komwe. Ndinapukuta ndi chala, ndinapukuta ndi siketi, osasintha.

Ndinathamanga kukatenga makaniko amene amagwira ntchito moyandikana ndi shopu yanga. Atafika anawerama, n'kugogoda galasilo ndi chikhadabo, kenako anaseka. Anati dzuwa limawaula pulasitiki pang'onopang'ono mpaka kuwala kumangothera mkati momwemo, moti ndi nyali zoterezi ngakhale mnyamata wamaso akuthwa akanaiwomba wilibalayo.

"Ng'ala ilipodi, achemwali," anatero, "koma yagwira njingayi."

Mawu amenewo ndinawanyamula ngati mpeni. Makaniko anandisiyira sandipepa wosalala, n'kundiuza kuti ndizikhula ndi madzi, ndikatha ndipake mankhwala otsukira mano n'kupukuta ndi nsalu yofewa. Ndinatseka shopu. Makasitomala anadandaula, ena anakasoketsa kwina, ine zanga zinali pagalasi. Ndinkakhula ndikutukwana chamumtima. Madzi oyera ngati mkaka ankatsikira m'zigongono, zala zinasupuka, koma pomwe dzuwa linkapendeka babu anayamba kuonekera bwinobwino mkati muja.

Kutacha ndinawaitanitsa onse awiri, achimwene ndi alamu, ngati ndine wapolisi. Anabwera akukoka miyendo. Ndinawalowetsa m'shedi, n'kutseka chitseko kuti mude, ndipo ndinatambasula dzanja. Achimwene anaseka kaye, akuti telala wasanduka dokotala wamaso, komabe makiyi anandipatsa.

Nditapotoza kiyi, khoma lonse linayera ngwee. Misomali, ndodo za kangaude, ngakhale mzere wa nyerere, zonse zinaonekera. Alamu, amene anaima kutsogolo, anaphimba nkhope ndi chikwama. Achimwene anatsinzina n'kupotolokera kumbali.

"Nayo ng'ala yanu ija," ndinatero. "Yachoka ndi mankhwala a mano. Mlamu wanu mumufunire ntchito kwina."

Sindibisa, ndinamva kukoma. Ndinatsegula chitseko pang'ono n'kuitana bambo kuti adzaone okha njinga yawo itapenya. Anabwera akutsimphina, dzanja likuyenda pakhoma. Ndinkaganiza kuti ndi bondo lija.

Anafika patsogolo pa njinga, n'kuwerama mpaka nkhope yawo inatsala pang'ono kukhudza nyali. Kuwala kumene kunathamangitsa anthu awiri aja kunawamenya m'maso mwenimweni, koma iwo osaphethira. Anapapasa galasi ndi zala, mmwamba, m'munsi, mmene ankachitira posankha mazira osweka. Ndipo m'kuwala kumene ndinakhulira masana onse, ndinaona pakati pa diso lililonse kadontho kotuwa, kofanana ndendende ndi chimene ndinachotsa panjinga.

Kumbuyo kwanga achimwene anakonza kukhosi, kukonza kwa munthu amene mlandu wamukomera. Anati iwo anaziona kalekale, kuyambira nthawi imene bambo anayamba kuthira tiyi pambali pa kapu. Kalekale! Ndiye nthawi yonseyo anali chete, osawatengera kuchipatala, osandiuza ine, akudikira wilibala kuti iwapatse makiyi? Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo manja amandiyabwa. Ndinazula kiyi panjinga, n'kutsegula chikhatho cha bambo, n'kuika makiyi onse mmenemo. Ndinawauza achimwene kuti njinga iima mommuno mpaka adokotala aone maso a bambo, ndipo amene akufuna makiyi ayambe wandidula dzanja ine.

Bambo ankaoneka ngati sakumva mkangano wathuwo. Anafumbata makiyi awo, n'kubwezeranso kiyi pamalo pake mongopapasa. Nyali zinayakanso. Anaziyang'anitsitsa nthawi yaitali, mutu utapendekeka.

"Wayesetsa, mwana wanga," anatero motsitsa. "Koma chifunga chidakalipo. Tapukutanso uku."

Ndinatola kansalu kaja, ndinagwada, n'kuyamba kupukuta galasi loyera kale.

"Eya," anatero bambo, chala chikuloza pambali pa nyali. "Pamenepo, pamenepo."