Mwendo wa Kilatchi

"Limbitsani ntchafu, bambo, osati nkhope," anatero mayi wa mafizo.

Ndinali chigonere pabedi, thukuta lili kamukamu. Panali patatha milungu itatu madokotala atandichotsa bondo lakumanzere lomwe linaperepeseka n'kuikamo lachitsulo. Mayiyo anali atamata timapepala ta mawaya pantchafu panga, mawayawo n'kukalowa m'kamakina ka nyale zisanu. Mnofu ukangokungika, nyalezo zimayenera kuyaka. Ndinakukuta mano, ndinafumbata zibakera, koma sinayake ngakhale imodzi.

"Mnofuwu waiwala ntchito yake," anatero. "Ukapanda kudzuka, kalata yoti mubwerere kuntchito sindingalembe."

Mantha anandigwira. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikuyendetsa basi, ntchito ina sindinkaidziwa, ndipo abwana anali atandipatsa miyezi itatu yokha.

Tsiku lachitatu mkazi wanga anandiperekeza. Atandiona ndikubuula, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Abambo, mukuchita ngati mukubereka. Si inu kodi mumandiponda kutulo mukusintha magiya?"

Mayi wa mafizo anatchera khutu. "Amaponda ndi mwendo uti?"

"Womwewu, wa kilatchi."

Mkazi wanga sanadikire kuuzidwa. Anandigwiritsa mbale yomwe anabweretsera zipatso kuti ikhale chiwongolero, n'kukaima kumiyendo kwa bedi, chikhatho chake chili kuphazi kwanga.

"Adalaivala, tili pamtunda. Mukapanda kusintha giya tibwerera chambuyo. Vuuu..."

Manyazi anandigwira, pakuti odwala ena anali atasiya mafizo awo kuti aonerere. Komabe ndinatsinzina. Ndinauona mtunda uja wa kuseri kwa msika, ndinamva injini ikulira modandaula, dzanja linafunafuna giya palokha, ndipo phazi linaponda.

Kamakina kanalira. Nditatsegula maso, nyale zitatu zinali zikuyaka.

"Gwirani pomwepo, muziyang'ana nyalezo," anatero mayi wa mafizo. "Mukuumva? Mnofu tikuufuna ndi umenewo."

Ndinaumvadi, ukunjenjemera pamwamba pa bondo. Ndinapondanso, ulendo uno ndili maso, nyale yachinayi n'kuyamba kuthwanima.

Mkazi wanga ankalizabe injini yake, koma mawu ankadukaduka, misozi ikutsikira kuchibwano, manja onse awiri atagwira phazi langa. Kumbuyo kwake, bambo wina wachikulire yemwe ankaphunzira kuyendera ndodo anakweza dzanja.

"Adalaivala, imani ndikwere nawo."