Mafuta Otsiriza a Setilaiti

A Valdomiro anapuma pantchito chaka chatha, koma kusiteshoni yoyang'anira setilaiti, kunja kwa mzinda wa Rio, ankapitabe m'mawa uliwonse. Ankakaima kumbuyo kwa Jussara, mtsikana amene analowa m'malo mwawo, n'kumamulozera batani loti adine.

Lachisanu lina anadzuka n'kuvala suti yakuda.

"Maliro ali kuti?" anafunsa akazi awo, a Zuleide, akuwathirira khofi.

"Kumwamba. Lero tikukaika nkhalamba yathu ija, setilaiti yakale. Zaka zonsezi yakhala pamalo amodzi kuti inu muzilira ndi masewero anu a pakanema. Tsopano mafuta akutha."

"Ndiye igwera padenga pathu?"

"Ayi, mayi. Sitidikira kuti atheretu. Timasiyako pang'ono oti ikwerere pamwamba ndithu, kumanda a zinzake, kenako n'kuizimitsa. Ikafera pamalopo, yatsopano ikhala pati? Makina aulemu amadziwa kupatuka." Anayankhula monyadira ngati anailera okha.

A Zuleide anawasunthira mbale ya chinangwa chokazinga, maso ali pa nsapato zopolishidwa za amuna awo.

"Koma ndiye chitsulo chanzeru! Nanga chikafika kumandako, chimatsikanso m'mawa uliwonse kudzaona ngati chatsopanocho chikugwira bwino ntchito?"

A Valdomiro anatafuna chinangwacho nthawi yaitali, ngati chili ndi minga. Kenako anavula jekete n'kulikoleka pampando.

"Mwana uja amandifuna," anang'ung'udza.

"Eya, amakufunanidi. Anaimba foni dzulo," anatero a Zuleide akuwaonjezera khofi. "Amafunsa ngati mafuta anu atsala ambiri."