Kathi ndi Njati za pa Kanema

Mlandu wa galu Kathi unali umodzi: katatu konse anagwetsa botolo la chakumwa chofiira chimene Lamduan ankaikira mizimu paudzu, patsinde pa kanyumba ka mizimuyo ka pabwalo. Kachitatuko Lamduan sanakalipe n'komwe. Anangopukuta manja n'kugamula.

"Galu wanuyu maso anafa. Loweruka akupita kukachisi, amonke azikamudyetsa."

Mwamuna wake, Bunrod, anali wa mawu ambiri pamsika koma ochepa pakhomo. Zaka khumi ndi ziwiri anagawana mpunga ndi galuyo, ndipo kukachisiko ankakudziwa bwino: agalu otayidwa ankhaninkhani kulimbirana mbale imodzi. Nkhalamba ngati Kathi sikanatha sabata. Mtima unamuwawa kwambiri.

"Amaonatu, mayi," anatero chapansipansi.

"Amaona chiyani? Kanema wathu amalira tsiku lonse, munamuonapo atacheuka? Ngakhale mphaka aonekere pamenepo, iye ali phee."

Zinali zoona. Kanema wawo wakale uja, wachimimba kumbuyo, Kathi ankangomuyesa kabati.

Loweruka m'mawa anapita kukadikira galimoto ya Sanit, mchimwene wa Lamduan, pakantini ya Mayi Chaluai. Mayiwo anali atangogula kanema watsopano, wopyapyala, waukulu ngati chitseko, ndipo anthu anadzaza kuonera mpikisano wa liwiro la njati wa ku Chonburi. Bunrod anakhala kumapeto, chingwe m'manja, nkhope ili pansi.

Njati zinayi zinaliyatsa liwiro m'matope, ndipo chingwe chinakoka. Kathi anali ataimirira, makutu ali njo, mutu ukuyenda limodzi ndi njatizo kuchokera kumanzere kunka kumanja. Zitazimirira m'mphepete, anakoka mbuye wake mpaka kuseri kwa kanemayo n'kuyamba kununkhiza khoma, kufuna kudziwa kumene zalowera.

"Lamduan! Taona!" anafuula Bunrod.

"Wangomva phokoso ameneyo. Makutu sindinanene kuti anafa."

Chikwatirane, Bunrod anali asanatsutsepo mkazi wake pagulu. Tsikuli anaima pakati pa kantini.

"Mayi Chaluai, tazimitsani mawu."

"Aa, achikulire, mpikisano uli mkati!" anadandaula wina.

"Khala chete iwe, njati yako yatsalira kale," anayankha Bunrod.

Mawu anazima, kantini yonse inangoti zii. Gulu lachiwiri la njati linaima pamzere. Kathi anakhala pansi, n'kuyasamula, n'kuyamba kudzikanda kukhutu mopanda changu chilichonse. Bunrod thukuta linamutsika kumsana, ndipo ena anayamba kuseka. Basi njatizo zinadumpha, popanda ngakhale kaphokoso. Kathi anadzambatuka, anauwa kamodzi mwamphamvu, maso ali pa njati yakutsogolo mpaka inafika kumapeto.

Anthu anaiwala njati yopambana n'kuombera m'manja galu. Wodandaula uja ndiye anamugulira kamtengo ka nyama yootcha.

"Nanga botolo lija?" anafunsa Lamduan, mawu atafewa.

"Mwana wanga wa kuchipatala cha ziweto amati galu sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira," anayankha Mayi Chaluai. "Inu mukaika chofiira paudzu, mukuti achione bwanji? Ndipo makanema akale aja kwa galu amangophethira, chithunzi sichigwirana. Mukanamutaya chifukwa cha kanema wanu wokalamba, asisi."

Nthawi yomweyo hutala inalira panja. Sanit anasuzumira pawindo la galimoto.

"Wakhungu uja ali kuti? Mukwezeni, ndikufulumira!"

Lamduan anamuyang'ana Kathi nthawi yaitali, galuyo akunyambita kamtengo kake. Kenako analanda chingwe m'manja mwa mwamuna wake n'kuchikulunga padzanja lake kawiri.

"Wakhungu wake uti? Dzipita, ife tikubwerera kwathu."

Bunrod anayenda pambuyo pawo chifuwa chili patsogolo, chimwemwe chitamudzaza. Njira yonse ankapereka moni mokweza kwa aliyense, ngakhale anthu amene anali asanalankhulane nawo chaka chathunthu.