Nambala ya M'dzanja

Bambo Kingstone Namakhwa sanali munthu wothamanga pamsewu. Zaka makumi awiri ndi zisanu anakhala akuyeza masamba a tiyi pa esiteti, ndipo atapuma ntchito, zonse zimene anawapatsa anagulira Sienta yoyera yonyamula anthu pakati pa Chonde ndi Muloza. Galimotoyo ndiyo inali munda wawo. Akazi awo, mayi Cecilia, ndi amene anachita kukakamira kuti ailipirire inshuwalansi yaikulu ija, yoti galimoto ikaphwanyika kampani imakonza.

Lolemba masana, atangopitirira pa Chonde, anaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu. Maliro. Anachita zimene munthu aliyense woleredwa amachita: anatsitsa wailesi n'kuponda buleki. Kumbuyo kunangomveka kuti phwaa! Galasi lonse linakhuthukira pa mipando, mayi wina n'kukuwa, "Mayo ine!"

Mwamwayi palibe anavulala, koma Sienta inali itafinyika kumbuyo ngati chitini chopondedwa. Chimene chinawagunda chinali chipikapu chabuluu chakalekale. Kumbuyo kwake kunali bokosi, amayi atalizungulira, nyimbo itawadukira pakamwa. Dalaivala wake, bambo wochepa thupi wa maso ofiira, anatsika n'kugwada pa tala pomwepo.

"Bambo, ndalakwa ndine. Buleki yandikana. Dzina langa ndine Moffat, kwathu ndi panthambi pomwepa. M'bokosimo muli mkazi wanga."

Inu mukanatani? Mukanaimika mtembo padzuwa, kudikira apolisi abwere ndi tepi yawo yoyezera msewu? Anthu anali atadzaza kale, onse maso pa a Kingstone. Iwo anavula chipewa.

"Dzukani, achimwene. Pitani mukawagoneke mayi."

Chipikapu chinakhotera m'kanjira ka fumbi, nyimbo n'kuyambiranso. Ngakhale nambala yake sanalembe, munthu woti moyo wake wonse anali wolemba manambala!

Lachiwiri analawirira ku Blantyre, ku ofesi ya inshuwalansi. Anawalandira mayi wina wa magalasi, dzina lake Christobel, waulemu ndithu koma wouma ngati mkute.

"Lipoti la apolisi lili kuti, bambo?"

"Kunali maliro, mayi."

"Pepani kwambiri. Nanga nambala ya galimoto inakugundaniyo?"

A Kingstone anayang'ana nsapato zawo.

"Tamverani," anatero mayiyo. "Popanda lipoti, mabwana anga adzati mwina munagunda mtengo nokha pobwerera m'mbuyo. Pofika Lachisanu lipotilo likhale pano, lokhala ndi dzina la munthuyo ndi nambala yake. Kupanda apo, ife tasamba m'manja."

"Nanga iyeyo akakhala alibe inshuwalansi?"

"Yanu tikonza, kenaka tithana naye. Apolisi nawonso galimoto yakeyo aigwira."

Kunyumba mayi Cecilia sanawanyengerere. "Chifundo chinapha nkhwali, bambo a Pilirani! Inu kuvula chipewa, ife tidya chipewacho? Galimoto ikafera ku galaja, mubwerera kukathyola tiyi ndi msana wanuwo?"

Ananena zoona, ndipo n'chimene chinkapweteka. Mantha anawagwira a Kingstone, mantha enieni.

Lachitatu anakwera kabaza mpaka panthambi paja, zitafota tsopano, n'kutsata kanjira ka fumbi. Malemu anali ataikidwa dzulo lake, koma abale anali akadali pasiwa kudikira tsiku lometa. A Kingstone anapereka chipepeso kwa adzukulu, n'kupatsidwa mpando pakati pa abambo. Ankadziona ngati abwera kudzaba nkhuku.

Chipikapu chinali pomwepo, pansi pa mtengo wa mango. Ananamizira kukataya madzi, nadutsa pafupi nacho. Kapepala ka inshuwalansi pagalasi kanali koyezuka ndi dzuwa, kotha ntchito chaka chathachi. Anasolola cholembera, mofulumira n'kulemba nambala m'dzanja lamanzere, n'kufumbata.

Atakhalanso pansi, mkulu wina amene anali pambali pawo anawanong'oneza, osadziwa kuti akulankhula ndi yani. "Mwachiona chigalimoto icho? Ndicho chikulera ana anayi pakhomo pano. Amanyamulira zinanazi kupita nazo ku Limbe. Matenda a mayiwa anamudyera zonse mnyamatayu, chatsala n'chomwecho."

A Kingstone anangoti, "Eya," dzanja ali chifumbatire. Linayamba kutuluka thukuta, ndipo anada nkhawa kuti inki isungunuka. Kenaka anachita manyazi kuti akudera nkhawa inki pakhomo pa anamfedwa.

Kunabwera mbale za makaka, chinangwa chouma chija, ndi nandolo. Mayi wina ankazungulira ndi jagi ndi beseni kusambitsa abambo m'manja. Atatsala pang'ono kufika pa a Kingstone, munthu anatuluka m'nyumba n'kumulanda mayiyo jagi. Anthu anadabwa, poti namfedwa satumikira alendo. Anali Moffat.

Anagwada patsogolo pawo monga anagwadira pa tala paja. Kukana kusamba pamaliro, ungayambe bwanji? A Kingstone anatambasula manja onse awiri. Nambala ija inali poyera, yabuluu, yolembedwa bwino ndi dzanja la kalaliki.

Moffat anaiyang'ana nthawi yaitali. A Kingstone anafuna nthaka ing'ambike alowe.

"Ilo musasambe, bambo, mungafufute," anatero Moffat motsitsa mawu. Anathira madzi dzanja lamanja lokha. "A inshuwalansi akuifuna liti?"

"Lachisanu."

"Mawa tikumeta. Lachisanu mmawa mundipeza kupolisi ku boma. Inu simunamuimike padzuwa mkazi wanga Lily."

Lachisanu a Kingstone anafika kupolisi tambala atangotsika. Anakhala pabenchi panja, maso ku msewu wochokera ku Chitakale. Seveni koloko inakwana. Eyiti. Mawu a mayi Cecilia ankawalira m'khutu: munthu wanzeru zake angabweretse yekha galimoto kuti alandidwe? Muloza si patali, akhoza kuti anadutsa nayo kale malire kupita ku Milanje. Nambala anali ataikopera papepala m'thumba la malaya. Kawiri konse anaimirira kuti alowe akaipereke okha, kawiri konse anakhalanso pansi. Ndipo sankadziwa chimene ankaopa kwambiri, kuti munthuyo sabwera kapena kuti abwera.

Itangopitirira naini anamva chiphokoso cha injini yokalamba. Chipikapu chabuluu chinalowa pang'onopang'ono, n'kuima patali ndi galimoto zina, pooneka kuti buleki inali ikadali yomweyo. Moffat anatsika, mutu uli mbee, wometedwa dzulo. Kumbuyo anali atasesamo bwinobwino. Anatsitsa jeke ndi chingwe chomangira katundu n'kuziika pambali, poti izo zokha ndi zimene akanabwerera nazo kunyumba.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Pepani ndachedwa, ndimaperekeza ana kusukulu. Anati akwereko komaliza."

A Kingstone anadzuka pabenchi paja. Sienta yawo inali itapulumuka, ankadziwa, koma maso awo anakakamira pa jeke ndi chingwe zija. Moffat anapukuta makiyi pa buluku lake, natsogola kulowa.