Saini ya M'dimba la Mateyu

Eveles anamva kugogoda kwa hamala asanafike kudimba. Atatulukira m'mabango anapeza Yesaya, mkulu wake wa malemu mwamuna wake Mateyu, akukhomerera thabwa pamtengo umene anazika pakati pa mpunga. Maliro a Mateyu anali asanawamete n'komwe.

Anafunsa kuti chikwangwanicho chinali cha chiyani. Yesaya, amene anakhalitsa ku Halale, anamudula mawu kuti azungu amati saini. Anafotokoza mosafulumira kuti saini ndi chinthu cholankhula m'malo mwa munthu. Ya kusiteshoni imaimitsa sitima, ya pasitolo imaitana ogula, ndipo iyi inkanena mwini dimba.

"Mwini dimba ali kumanda, alamu. Wolima ndine."

"Inu munabwera chitengwa. Nthaka ino ndi ya kwathu."

Eveles sankadziwa kuwerenga, koma zilembo za mwamuna wake ankazizindikira ngati mapazi a mwana wake pamchenga. Mateyu ndiye ankalemba zikwangwani za masitolo a amwenye ku Salima, ndipo zaka zonsezo womutsukira maburashi anali iyeyo. Utoto wa pathabwapo unali wouma kalekale. Dzanja linali lomwelo.

"Palembedwa dzina la ndani?"

Yesaya anayang'ana kumbali. Anati ndi la Robert, mnyamata wa ku Khombedza, mwana amene Mateyu anabereka mwa mayi wina. Thabwalo analilemba chilimwe chatha, chifuwa chitamugwira, nalisungitsa kwa mkulu wakeyo kuti adzalizike iye akadzatsikira kulichete. Za Eveles ndi ana ake aakazi sanasiye mawu alionse. Akuchimuna anagwirizana kuti mpunga wa chaka chino akolole, akatero abwerere kwawo ku Chinguluwe.

Chilimwe chimenecho Eveles ankamumwetsa phala ndi chikombe, n'kumamusisita pamsana akamatsokomola. Mateyu ankathokoza mwaulemu nthawi zonse, utoto uli m'zikhadabo.

Yesaya anatola hamala yake n'kumapita, mapazi akutitimira m'matope. Eveles anagwira mtengo uja ndi manja awiri kuti auzule, ndipo unagwedera mosavuta. Anaima choncho kwa nthawi yaitali. Kenako anaona kuti thabwalo lapendekera kumanzere. Analiwongola, napondaponda matope patsinde pake mpaka linaima chilili, monga mmene Mateyu ankafunira kuti zinthu zake zizionekera kwa anthu odutsa.