Apo ndi Pakhosi Chabe

Make Mapasa ankapukuta ndi kulongedza zida pakampani yopanga machubu ounikira m'matumbo, aja madokotala amalowetsa kumbuyo kwa munthu. Mainjiniya anayi anatha miyezi isanu ndi umodzi akukonza chubu chatsopano. Anachichepetsa, anachisalaza, chogwirira chake n'kuchipaka utoto wobiriwira kuti chizisangalatsa maso. Kaya maso a ndani, poti wodwala amakhala atapenya kukhoma.

Ankachiyesera pachidole cha labala chimene anachitcha Wopirira. Wopirira sanadandaulepo.

Koma kunyumba kunali bambo ake a Make Mapasa, omwe ankaona magazi akapita kuchimbudzi. Kuchipatala anayesapo kuwaunika, osamaliza. Chubu chitangowakhudza analumpha pabedi, n'kutuluka lamba ali m'manja. Lachisanu anayenera kubwererako.

"Sindipita, mwanangu," anatero. "Kuwawa ndingapirire, koma kuzizira kuja! Ngati achitulutsa m'firiji."

Lachitatu bwana wamkulu, yemwe akatembenuka onse ankamutcha Kadziwa, anaitanitsa msonkhano. Make Mapasa anabweretsa chubucho pathireyi, n'kuima pakona monga mwa masiku onse.

"Anzanga," anatero Kadziwa, "ndi chubu ichi munthu akhoza kugona tulo. Wopirira wachilandira maulendo mazana atatu, osatsinzina n'komwe!"

Anthu ali mkati moomba m'manja, Make Mapasa anachita zimene amachita kasanu patsiku ndi botolo la mkaka wa ana ake: anagunditsa nsonga ya chubucho pamkono. Zii! Anaganiza za ntchito yake. Anaganizanso za lamba uja. Kenako anasendera kuseri kwa mpando wa bwana n'kulowetsa nsongayo m'kolala.

"Mayo!" Kadziwa anadumpha, tiyi yense khuthu pamapepala.

"Pepani, bwana," anatero chapansipansi. "Komatu apo ndi pakhosi chabe."

Injiniya wina anayang'ana Wopirira ngati mboni yomwe yanama m'khoti.

Isanakwane nthawi yoweruka, Kadziwa analengeza kuti nkhani ya kuzizirayi iye wakhala akuiganizira kuyambira kale. Apanga kabokosi kofunditsira chubu, ka mababu atatu, ndipo katuluka chaka chamawa.

Bambo ake a Make Mapasa analibe chaka chodikira. Lachisanu Make Mapasa anathira madzi ofunda m'fulasiki ya ana, ya zithunzi za abakha, n'kuwakokera achikulirewo kuchipatala.

Namwino atamva kuti madziwo ndi ofunditsira chubu, anayang'ana abakhawo, anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Madzi ofunda tili nawo, mayi. Kungoti palibe amene anatipemphapo."

Anaviika chubu m'mbale ya madzi ofunda. Bambo aja anapinda mkono wa malaya, nkhope ili ngati ya woweruza.

"Tandigunditseni apa kaye, anamwino."

Namwino atawagunditsa, bambowo anamvetsera kanthawi. Kenako anauza mwana wawo kuti akadikire panja, n'kumasula lamba okha.